Botolo Limene Anasiya kwa Amayi

Achemwali anga amagwira ntchito yotunga madzi. Osati kutunga kwa ndowa pamutu ayi, kwa m'timabotolo. Amazungulira tauni yonse pa kanjinga kamoto kotsokomola, kumbuyo atamangirira bokosi la ayezi, n'kumatapa madzi pamipopi ya anthu kukapereka kwa oyeza. Ana a m'misewu anawapatsa dzina loti Anabotolo, ndipo linawakanirira mpaka alamu anga amawaitana choncho akafuna kuwaputa.

Anayamba ali mtsikana, akutsuka mabotolo m'kachipinda konunkha klorini kuseri kwa matanki akuluakulu a madzi a m'tauni. Ntchitoyo inawalowa m'magazi. Mukawapatsa madzi akumwa kwanu, amayamba akweza kapuyo poyera n'kuisuzumira, eni nyumba mukuona. Anachitapo zimenezi pamaso pa apongozi anga, ine n'kulakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Akafika pampopi amaupukuta, amauwaula kukamwa ndi kamoto, amasiya madzi atayike kaye, kenako n'kutsegula botolo osakhudza m'kati mwa chitsekerero. Mukawapatsa moni nthawi imeneyo mwadzivuta, sayankha.

Amayi athu amakhala kumapeto kwenikweni kwa mapaipi, kumene madzi amafika atatopa. Kumeneko mpopi umalavula m'bandakucha, ndiponso si tsiku lililonse. Mvula itayamba, madziwo anayamba kubwera ofiirira, ndi kafungo ka m'ngalande. Mwana wanga wamkazi, amene amaswera kwa agogo akewo ine ndikapita kuntchito, anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Ana a nyumba zoyandikana nazonso chimodzimodzi. Achemwali anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti aziwiritsa madzi, ndipo mwana wanga anayamba kupezako bwino. Achemwaliwo ankadziwa kuti penapake paipi yabooka ndipo ikuyamwa zonyansa. Koma akuluakulu a kuntchito kwawo satumiza okumba kukakonza paipi chifukwa cha mphuno ya munthu. Amafuna botolo linene.

Ndiye botololo alidzaza bwanji? Masana akafika amapeza mpopi ukungopuma mpweya. Anakagonako kangapo, madzi osabwera, ngati akudziwa kuti akuwadikirira. Madzi a m'ndowa oyeza salandira, amati mwina yauve ndi ndowayo. Atasowa mtengo wogwira, anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito: anasiya botolo m'manja mwa munthu wina.

"Amayi, madzi akangobwera mudzaze ili, mutseke, mundiimbire. Musalitsuke. Musaligwire m'kati."

"Iwe, ndinakubala ndine, lero undiphunzitse kutunga madzi?" anatero amayi. "Siya pamenepo uzipita."

Madzi atabwera amayi anaimbadi foni, achemwali n'kuthamangira botololo. Anadabwa kuti madziwo akuoneka oyera, koma anadziuza kuti tizilombo sitioneka ndi maso. Zotsatira zitatuluka anakhala kakasi. Munalibe kalikonse. Madzi a kwa amayi anayera kuposa ndi a kunyumba kwa abwana awo omwe. Okumba aja anatumizidwa dera lina, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inadutsa mumsewu wa amayi ikulengeza kuti madzi ayezedwa, anthu asade nkhawa. Achemwali anakadandaula, abwana n'kuwafunsa kuti kodi botololo linabwera ndi ndani. Poti analibweretsa okha, anangotuluka muofesimo.

Madzulo a tsikulo ndinapita nawo kukatenga mwana. Njira yonse ankangodzuma, ine ndili kumbuyo kwa njinga nditakumbatira bokosi lawo. Tinapeza amayi atakhala pakhonde akusoka, nkhope ili mwee.

"Ndamva pachimkuzamawu," anatero tisanakhale n'komwe. "Akuluakulu ako akondwa eti?"

"Amayi, madzi aja munatunga pampopi uwu?" anafunsa achemwali.

"Nanga ndikanatunga kuti?"

"Munathira m'botolo molunjika?"

Amayi anaika singano pansi n'kuwayang'ana ngati afunsidwa zamwano. "Iwe, madzi aja mmene anabwerera, matope okhaokha, ndikanawatumiza choncho kuntchito kwako? Anthu ophunzira aone, azikuloza chala kuti kwa amayi ake a uyu amamwa zithaphwi? Ndinawasiya adikhe, ndinawasefa pansalu yatsopano, ndinawiritsa bwinobwino, atazizira ndiye ndinathira. Botolo lako sindinaligwire m'kati, monga unanenera."

Kunena zoona ndinapsa mtima, koma ndinasowa woti ndimukalipire. Amayi athu ndi munthu woti mlendo samupatsa kapu yong'aluka, ndipo mwana sapita kuchipatala asanamusambitse n'kumudzoza mafuta, ngakhale akomoke. Anatilera choncho, ndipo takhala tikuwatamanda nazo moyo wathu wonse. Achemwali anakhala pansi pasitepe, chipewa cha njinga chili pamiyendo.

"Amayi, mwandiphera ntchito yonse. Tinkafuna aone uve womwewo kuti abwere adzakonze paipi."

"Aaa, madzi ndi omwewo, mpopi ndi womwewo," anatero amayi. "Ine ndinangowasambitsa basi. Makina anuwo akanakhala kuti aona matenda, akananena."

Achemwali anayamba kufotokoza kuti moto umapha tizilombo, mawu akukwera, manja akulankhula nawo. Ine maso anga anapita kukhitchini. Mbaula inali yozizira, mphika waukulu wowiritsira madzi uja utavundikiridwa pathandala. Pakhomo panali ndowa ya madzi a m'mawa, ofiirira, ndipo mwana wanga anali ataima pomwepo, kapu ili kukamwa, akumeza ndi ludzu la mwana woti wasewera tsiku lonse.

Ndinakuwa n'kuthamanga, koma ndinalanda kapu yopanda kanthu.

"Amayi! Simukuwiritsanso?"

"Tiwiritsirenji? Msewu wonse uno tasiya," anatero amayi, akuyang'ana achemwali monyadira. "Nanga si wayeza yekha mwana wangayu kuti ndi abwino?"