Ndatopa Kugona Pamphasa

Mwaswera bwanji nonse?

Lero ku Nkando mayi wina wogulitsa matimati wandigwira dzanja, akuti, "Amake mwana, mwachira? Tinakuonani mukubuula." Mpaka wandiwonjezera matimati kuti ndipeze mphamvu.

Sindikudwala ayi. Kungoti kugulu lathu la zisudzo, poti ndine wowonda, amangondipatsa mbali ya wodwala. Ntchito yanga n'kugona pamphasa basi.

Ndiye masanawa pokonzekera sewero ndalimba mtima, ndauza a Namame, atsogoleri athu, kuti ndikufuna kukhala nesi. Aseka. "Iwe Esinati, timawu takoto tingafike pakhomo apo?" Komabe avomera kuti ndiyese Loweruka pamaso pa anthu. Ndikalephera, ndibwerera pamphasa.

Matimati aulere atha, ndikudziwa, koma ndikufuna mwana wanga andioneko nditaimirira. Achimwene, alamu, mukuti bwanji, ndiyese?