Bufe yomwe ndinaumirira pa ukwati wa mng'ono wanga

Inu owerenga, ukwati wa mng'ono wanga ndinauwononga ndine, ndipo ndinauwononga ndi chakudya. Mpaka lero ndikakumbukira, sindigona tulo tabwino.

Zinachitika ku Chilomoni, patangotha chaka chiyambireni matipate. Ndinkagwira ntchito ya usekilitale m'tauni. Mng'ono wanga Tiyamike atapeza mwamuna wa ku Rumphi, abale anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya zakudya. Miyezi ingapo m'mbuyomo, kuntchito anatitengera kuphwando kuhotela, komwe ndinaona bufe koyamba. Zakudya amaziyala patebulo lalitali, aliyense n'kumadzitengera yekha. Ndinatengeka nazo. Akuchimuna ambiri anali ophunzira, ogwira ntchito m'boma, ndiye ndinafuna aone kuti nafenso ndife otsogola.

Pamsonkhano wa komiti, Anaphiri, mayi wachikulire wa kumpingo kwathu yemwe ankaphika m'maukwati ambiri, anandichenjeza. "Mwananga, ukwati wa kuno anthu sadikira kadi. Abwera Chilomoni yense. Tiloleni tigawe m'mbale, tiyambe ndi alendo."

Ndinawayankha mwamwano kuti zogawira anthu ngati pamaliro zinatha ndi chipani chimodzi. Anthu anaseka.

Tsiku la ukwati kutchalitchi tinachedwa kutuluka. Pofika kuholo nthawi inali itadutsa thuu koloko, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali ndi njala. Holo inadzaza, ena ataima m'mawindo, ambiri sindinkawadziwa n'komwe. Wolengeza atangonena kuti chakudya chakonzeka, aliyense adzitengere, anthu anakhamukira patebulo. Oyambirira anaunjika nkhuku m'mbale, ena ankalongedza m'majumbo. Mzere unasweka, anthu n'kumakankhana. Posakhalitsa m'mapoto munangotsala kabichi ndi mpunga wopserera.

Nthawi yonseyi makolo a mkwati ndi akuluakulu omwe anabwera nawo anali kutsogolo, atakhala mwaulemu, kudikira madzi osamba m'manja. Munthu wamkulu, mlendo, sangakalimbirane mbale pagulu. Zimenezi sindinaziganizire.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti bambo a mkwati, mphunzitsi wopuma pantchito, ankadwala shuga. Anali atadzibaya jakisoni wawo poganiza kuti adya posachedwa. Akazi awo anatuma mlamu wina kudzandipempha mbale imodzi yokha. Ine ndinali pakati pa chipwirikiti, thukuta lili kamukamu, ndikukalipira anthu. Ndinayankha osatembenuka n'komwe, "Auzeni abwere adzafole."

Mawu amenewo anakafika momwemo.

Perekaniperekani atangoyamba, bambo aja anayamba kunjenjemera, kenako anagwa pampando n'kumenyetsa chiuno pasimenti. Nyimbo zinazima. Tiyamike anathamangira pomwepo, velo ikukwekwereka pansi. Tinawanyamulira mu minibasi kupita kuchipatala, ndipo ukwati unathera pamenepo, keke osadula.

Moyo wawo unapulumuka, koma fupa la m'chiuno linathyoka. Anagona m'chipatala masabata angapo, ndipo sanayendenso opanda ndodo. Nditapita kukawaona nditanyamula phala, akazi awo anandiimitsa pakhomo la wodi. Sanakalipe. Anangoti, "Tachoka kutali kudzalandira mwana wanu, inu mwatiuza kuti tifole. Phala lanulo bwererani nalo."

Amene akuvutika ndi Tiyamike, yemwe sanalakwe kanthu. Akapita ku Rumphi azilamu ake amamutcha wa kwa anthu omana. Akaphika, ena amakana kudya. Mwamuna wake amamukonda, koma nkhani ya bambo ake ikatuluka, m'nyumba mumakhala zii masiku angapo. Panopa amakhala ku Soche, ulendo wa maminibasi awiri okha, koma kwanga sabwera. Mwana wake woyamba ndinakamuonera kutchalitchi ngati munthu wapadera.

Inu owerenga, bufe si yoipa, koma ili ndi malo ake: pomwe oitanidwa ndi owerengeka ndipo pakhomo pali woyang'ana makadi. Ukwati wa m'makomboni mwathu muno, lolani amayi agawe m'mbale. Mukafunitsitsa bufe, patebulo paime ogawa, ndipo akuluakulu ndi alendo apatsidwe choyamba ali pamipando yawo. Funsani akuchimuna kapena akuchikazi ngati pali wodwala wofunika kudya pa nthawi yake. Mverani omwe aphikira anthu a m'dera lanu kwa zaka zambiri.

Ine ndinasankha kadyedwe koti anthu andione, osati koti adye. Ndapepesa kangapo konse, koma bambo aja akutsimphinabe.