Chogwirira cha Parachuti ya a Glenys

Achemwali anga a Glenys Hartwig anathyola malalanje zaka makumi anayi m'minda ya ku Waikerie, chithumba cholemera chili lende paphewa la kumanja. Atapuma pantchito ali ndi zaka 66, tonse tinkati tsopano akhala pakhonde n'kumaluka majuzi. Tinalemba m'madzi. Iwo anakalembetsa ku kalabu yathu ya ndege zopanda injini, kumene ine Warwick, mlongo wawo wamng'ono, ndimayendetsa kandege kokokera anzathu m'mwamba ndi chingwe.

Patatha chaka anali akuuluka okha mozungulira bwalo. Koma mtima wawo unali pa ulendo wautali: kukwera kandege ka mpando umodzi n'kutsata mtsinje wa Murray makilomita makumi asanu, chilimwe chisanathe. Lamulo la kalabu ndi lakuti wopita kutali avale parachuti, ndipo apa mpamene panagona nkhani. A Glenys ndi ochepa thupi, pomwe maparachuti a kalabu anasokera zimphona zodya nyama ya nkhosa katatu patsiku. Atayesa imodzi malamba anangoti lobodo, wowaphunzitsa kuuluka n'kunena kuti akadumpha nayo, parachuti itsika payokha iwonso paokha.

Yatsopano ya msinkhu wawo inali yodikira miyezi yambiri. Anasakasaka mpaka anapeza ya kaunjika kwa mkulu wina wa ku Murray Bridge amene kale ankakwera mahatchi a mpikisano, munthu wochepa ngati iwo omwe. Anagwirizana kuti aigula pokhapokha katswiri wopinda maparachuti akaivomereza n'kusayina pa khadi lake.

Katswiri wathu ndi a Des Kowalick, nkhalamba yosadziwa kuseka. A Des ali ndi mwambo wawo. Parachuti satsegula okha ayi. Mwini wake amaivala, iwo n'kumufulira tiyi, kumacheza za mvula ndi mitengo ya mphesa, kenako mwadzidzidzi n'kukuwa kuti atuluke, ngati kuti ali m'ndege imene ikugwa. Asanawerenge kufika pa zitatu, munthu akhale atakoka chogwirira chachitsulo chili pachifuwa chakumanzere. Akakoka, kaparachuti kakang'ono ka sipuling'i kamafwamphuka kumsana, komwe mumlengalenga n'kamene kamasolola yaikuluyo.

Tsiku limenelo ndinawaperekeza. A Des atakuwa, achemwali anagwira chitsulo chija ndi dzanja lamanja n'kukoka. Sichinasunthe. Anakokanso mpaka nkhope inafiira, kapu ya tiyi ili gubudu pansi. A Des anawerenga kufika pa zitatu, n'kupitiriza mpaka khumi mwa chifundo chabe.

"Mwafa, mayi," anatero a Des. "Pano tikukutolani m'munda wa eni ake."

"Chitsulo chanuchi chachita dzimbiri," anayankha achemwali.

A Des anakola sikelo ya mbedza pa chogwirira chija n'kukoka. Muvi utafika pa makilogalamu khumi, kaparachuti kaja kanafwamphuka. Anayala nsalu yonse pa tebulo lalitali, kuiunika, kusisita chingwe chilichonse.

"Katunduyu ndi wabwino, sanaonepo dzuwa. Chadzimbiri ndi phewa lanulo. Sindisayina."

Ndiulule pano kuti m'galimoto pobwerera mumtima ndinkavina. Ndinkaopa. Tinabadwa asanu, tatsala awiri, ndipo chingwe chowakwezera m'mwamba wochikoka ndine. Ndinayesa kulankhula ngati munthu wanzeru.

"Achemwali, kuzungulira bwalo nakonso n'kuuluka. Mwayesetsa."

"Iwe Warwick, ndinakusintha matewera ine. Yendetsa galimoto, uimike pa sitolo ya zitsulo."

Anagula sikelo yonga ya a Des n'kukaimangirira pa mzati wa mpanda kuseri kwa nyumba yawo. M'mawa uliwonse, asanadyetse nkhuku, ankakoka. Sabata yoyamba muvi unkathera pa zinayi. Anapita kuchipatala, adokotala n'kuwauza mosabisa kuti malalanje anadya phewalo kalekale, silidzabwereranso. Ine ndinati basi, nkhani yatha. Koma nditadutsa tsiku lina ndinawapeza atamanga sikelo ija pachifuwa ndi lamba wa malemu alamu anga, chala chachikulu chakumanzere atachikola m'chogwirira, dzanja lamanja lili pamwamba pake, akukankhira kutsogolo ndi manja onse awiri.

"Ukaipa dziwa nyimbo," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Usangoima ngati mzati wachiwiri, werenga muviwo."

Unali pa zisanu ndi ziwiri. Ndinalakalaka kunama kuti zisanu, koma a Glenys sanamizika.

Anakoka choncho masabata asanu ndi awiri. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza n'kusanduka zikang'a. Mkulu wa mahatchi uja anaimba foni kuti kwapezeka wina woifuna parachutiyo, achemwali anamupempha masiku khumi, ndipo mmene anapemphera mkuluyo ndiye anathera kupepesa. Anayamba kundituma kuti ndiziwadzidzimutsa. Ndinkakuwa ali pakati posenda mbatata, ali pa foni, ngakhale akutuluka m'tchalitchi, iwo manja n'kuthamangira pachifuwa anthu akudabwa.

Tinabwerera kwa a Des kumayambiriro kwa Febuluwale, mwezi wotsiriza wa chilimwe kwathu kuno, kunja kukutentha ngati m'uvuni. Achemwali anavala, anamanga malamba, n'kulandira tiyi m'kapu yachitsulo, poti a Des anali ataphunzirapo. Anacheza za mphesa nthawi yaitali mpaka ine ndinaiwala chimene tinabwerera, n'kuzungulira kumbuyo kwa achemwali kukatenga shuga.

"Tulukani!"

Sindinamve n'komwe "chimodzi". Ndinangoona mdima, kaparachuti ka sipuling'i kaja katandiphulitsa pamphuno, ine khu pa mulu wa makatoni. Nditatsegula maso, achemwali anali ataima chitsulo chili m'manja, akupuma mwabefu, ndipo a Des, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, ankaseka mpaka misozi.

"Ndi manja awiri, zikuloledwa?" anafunsa achemwali.

"Kumwambako palibe adzakufunseni kuti mwakoka ndi dzanja liti," anatero a Des akufunafuna cholembera. "Koma pakatha miyezi isanu ndi umodzi mubwerenso. Tsiku limene mudzalephere, ndidzakulandani."

"Simudzavutika. Ndidzavula ndekha."

Loweruka lotsatira ndinawakoka. Titakwera bwino ndinamva chingwe chikupepuka, ndipo nditacheuka ndinaona kandege koyera kakupendekera kumtsinje. Ndinatera n'kuyamba kudikira. Patapita maola awiri foni inalira: anali atatera m'munda wa tirigu wokololakolola kupitirira Loxton, ndipo ankafunsa chimene ndikuchedwera ndi ngolo yodzatengera ndege.

Chaka chino akwanitsa zaka 71. Parachuti ija sinatsegukepo mumlengalenga, ndipo ndimapemphera isadzatseguke. Koma pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse timapita kwa a Des, ndipo tiyi akangofulidwa ine ndimakaima kumbuyo kwa achemwali dala. A Des amati ndine chitsiru. Mwina n'zoona. Kungoti ndikudziwa kuti lidzafika tsiku limene a Des adzakuwe, ine n'kutuluka m'shedi mwawo mphuno ili bwinobwino, ndipo tsiku limenelo sindikulifuna.