Filimu yopanda mawu yandikumbutsa ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero mwana wanga Tadala ananditengera kukoleji kwawo kukaonera mafilimu akalekale a ku France. Ndi opanda mawu, ndipo nkhani yake ili ngati maloto. Pena anaonetsa mayi akusita chithunzithunzi chake patebulo.

Ophunzira onse anali zii, akulemba. Ine ndinangozindikira ndakuwa kuti, "Ameneyu mwamuna wamuthawa!" Holo yonse inafa ndi phwete, Tadala n'kubisa nkhope.

Mukukumbukira malemu ababa ku Matawale? TV yathu itafa mawu, iwo ankatimasulira filimu iliyonse za m'mutu mwawo, ife n'kumakhulupirira. Lero mawu awo atulukira pakamwa panga, mpaka misozi inalengeza.

Achimwene, paja mukuti TV ija ikungodzaza malo, titaye. Abale, tiitayedi?