Fumbi la ku Arizona Linandimana Mdzukulu Masabata Khumi

Chizindikiro choyamba chinali kutopa. Linali Lachiwiri, pakati pa mwezi wa Ogasiti, ndikukwera masitepe a kunyumba kwathu ku Bowie, m'chigawo cha Maryland, nditanyamula kachikwama ka zovala basi, ndinangopezeka ndaima pakati ndikupumira m'mwamba. Ndayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali zaka khumi ndi zinayi kuno ku America, kutopa ndimakudziwa, koma uku kunali kwina. Ndinauza akazi anga, amake Thoko, kuti ndi ukalamba. Iwo anati munthu wa zaka 56 asamanamizire ukalamba.

Pofika Lachisanu chifuwa chinali chitayamba, chouma, chosatulutsa kanthu. Thupi linkatentha madzulo, m'mawa ndinkadzuka malaya ali chonyowa ndi thukuta. Maondo ndi akakolo zinkaphwanya. Kenako pamisongolo panatuluka zotupa zofiira, zopweteka ukazikhudza. Ndinamwa mankhwala a chimfine ogula m'sitolo kwa sabata yathunthu, poti amuna ambiri timatero.

Ndinene kaye kumene ndinali masabata atatu izi zisanayambe, ngakhale kuti pa nthawiyo sindinaone kugwirizana kwake. Kumapeto kwa Julayi ndinali ndi katundu wa makina wopita ku Arizona, pa thiraki yopanda denga, wofunditsidwa lona. Chipululu cha kumeneko ndinkachipatsa ulemu. M'mawa uliwonse ndinkakutumula jombo ndisanavale, kuopa zinkhanira. Ndikatsika kukaona matayala ndinkayang'ana pansi kaye, chifukwa njoka zija za maseche kumchira zimakonda mthunzi wa pansi pa thiraki. Pathengo sindinkapondapo. Anzanga ankandiseka kuti ndimayenda ngati ndikuponda mazira, ine osasamala.

Tsiku limenelo, cha m'ma 4 koloko masana, pakati pa Tucson ndi Phoenix, kutsogolo kunadzuka chikhoma cha fumbi, chofiirira, chotalika mpaka kumitambo. Malamulo ake dalaivala aliyense wa njira imeneyo amawadziwa. Umapatuka kutali ndi msewu, nkuzimitsa magetsi onse, nkuchotsa phazi pa buleki, kuti wakumbuyo asatsatire nyali zako poganiza kuti ukuyenda nkudzakuwomba. Ukatero umatseka mawindo, nkukhala m'galimoto mpaka lidutse. Zonsezi ndinachita bwinobwino, kupatula chomalizacho. Mphepo itafika, ndinamva lona likukupiza kumbuyo, lamba mmodzi atamasuka. Ndinatsika.

Ndinakhala panja mwina mphindi khumi ndi zisanu, ndikulimbana ndi lamba, dzanja langa lomwe osaliona bwino. Pakamwa sindinamange ngakhale kansalu. Ndine mwana wa ku Balaka ine. Tinakula tikuthamangira m'kati mwa kamvuluvulu mwezi wa Okutobala, tikubwera kunyumba tili mbuu, amayi nkungotilozera kuchitsime. Fumbi kwa ine silinali chinthu choopa, linali chinthu chosamba. Ndipo ndikukumbuka kuti ngakhale m'chimphepo chimenecho maso anga anali pansi, kusaka njoka. Nditabwerera m'thiraki ndinalavula matope, kutsuka m'kamwa, nkuyamika Mulungu kuti katundu ali bwino.

Sabata yachiwiri ya kudwala ndinapita ku kachipatala ka pafupi. Anandijambula ekisire, nkunena kuti ndi chibayo, nkundipatsa mankhwala a masiku asanu ndi awiri. Sanathandize. Ndinabwererako, anandisinthira ena. Amenewonso sanathandize.

M'masiku omwewo mwana wathu Thoko, amene amakhala ku Rockville ndi mwamuna wake, anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wathu woyamba. Thoko anakulira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Komabe chinthu chimodzi anachigwiritsa. Ali woyembekezera anandiuza kuti dzina la pa mapepala asankha okha, koma dzina la kwathu ndidzapereka ine, nditamunyamula mwanayo m'manja, monga momwe bambo anga anamutchulira iyeyo. Ndinalidikira tsiku limenelo miyezi yonse ija. Litafika, ine ndinali pabedi ndikutsokomola, ndipo khanda salipititsira chifuwa. Amake Thoko anapita okha, nkubwera ndi zithunzi pa foni.

Sabata yachiwiri ya Seputembala mpweya unayamba kuperewera ngakhale nditakhala pansi, ndipo anandigoneka m'chipatala chachikulu. Thupi linali litatsika ndi makilo asanu ndi limodzi. Dokotala anaona chithunzi cha mapapo, nkuona kabanga kumtunda kwa phapo la kumanja. Anandifunsa kumene ndinabadwira. Nditati ku Malawi, ndinaona nkhope yake ikusintha pang'ono. Anafunsa ngati ndatuluka m'dziko muno posachedwa, ndinati ayi, kumudzi ndinapita zaka zinayi zapitazo. Anafunsa ngati kwathu kuli amene anadwalapo TB. Ndinati achimwene anga. Pasanathe ola anali atandisamutsira m'chipinda cha ndekha, cha zitseko ziwiri.

Sindikumuimba mlandu dokotalayo. Munthu wobadwira kwathu, wowonda, wotuluka thukuta, wa banga m'phapo, aliyense akanaganiza zomwezo. Za ntchito yanga anafunsa, ndinati ndine dalaivala, zinathera pomwepo. Za Arizona sanafunse, ine sindinanene. Ndikananena bwanji za fumbi kwa munthu wophunzira chonchija? Ndinkaona ngati kumutayitsa nthawi.

M'chipinda chimenecho ndinakhalamo masiku asanu. Aliyense wolowa ankavala masiki yothina. M'mawa uliwonse namwino ankabwera ndi kabotolo koti ndilavuliremo makhololo, ndipo poti chifuwa chinali chouma, ankandipumitsa nthunzi ya madzi a mchere mpaka nditatsokomola misozi ili chuchuchu. Akachoka ameneyo kunkabwera wotenga magazi, kenako woyeza kutentha kwa thupi, kenako chakudya chimene ndinkangochiyang'ana. Nthawi yotsalayo inali yodikira. Pawindo pankaoneka malo oimika magalimoto, ndipo ndinafika podziwa galimoto ya namwino aliyense.

Makhololo anawayeza katatu, ndipo katatu konse sanaonetse TB. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma dokotala anati, "Kuyeza kumeneku nthawi zina kumaphonya. Tawasunga kuti tione ngati kachilomboko kamere, ndipo zimatenga mpaka masabata asanu ndi limodzi. Mukhoza kupita kunyumba, koma kwa khandalo musayandikireko mpaka titatsimikiza."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa kumeneku kumandiwawa kuposa kwa lona kuja. Achimwene anga anamwalira ndi TB ku Balaka m'zaka zija pamene munthu akangoti ali ndi TB, anthu ankamva zina. Ndinaona momwe anansi ankasiyira kumwa madzi pakhomo pathu. Ndinaona momwe ankanong'onezana pamaliro. Zaka zonsezi ndili kuno ndinkayesa kuti zimenezo ndinazisiya kumudzi, koma ayi, ndinabwera nazo. Ndinauza amake Thoko kuti munthu aliyense asamve, kaya kutchalitchi, kaya pa gulu la a Malawi la pa foni. Akafunsa, anene kuti ndili pa msewu. Dalaivala kusowa mwezi wathunthu si zachilendo, ndiye bodzalo linagwira.

Ndinasamukira m'chipinda cha pansi. Mbale yanga, kapu yanga, thaulo langa. Amake Thoko ankagwira ntchito usana wonse kunyumba yosamalira okalamba, nkubwera kudzasamalanso wina kunyumba. Lamlungu ankapita kutchalitchi kukanama m'malo mwanga. Thoko ankaimba foni ya kanema kuti ndimuone mwana, koma ine ndinkadula msanga, chifukwa ndikamuona akuyasamula mtima unkandipweteka, komanso sindinkafuna kuti Thoko aone momwe masaya analowera. Tsiku lina anandiuza kuti ndingotchula dzinalo pa foni, zilibe kanthu. Ndinakana. Ndinkaopa kuti ndikatchula pa foni ndiye kuti ndavomera kuti sindidzamunyamula.

Masabata anayi anapita choncho. Kutentha thupi kunkabwera nkupita, chifuwa chili pomwepo, bondo la kumanzere litatupa. Kunena zoona ndinali nditatopa nazo, moti kuchipatala akanaimba nkunena kuti ndi TB ndikanangoti zikomo, bola chinthucho chikhale ndi dzina.

Amene anaswa chinsinsi ndi amake Thoko. Lamlungu lina pakati pa Okutobala anatsika masitepe asanavule ndi nsapato zomwe, nkuima pakhomo.

"Abambo a Thoko, ine ndawauza a Tembo. Kunama kwanditopetsa. Mukalipe ngati mukufuna."

A Tembo ndi mnzanga wa ku Zambia, amakhala ku Springfield, ndipo anayendetsa mathiraki njira za kumadzulo zaka zambiri ine ndisanayambe. Ndinakwiya, osanama. Koma ndisanayambe kukalipa, foni inalira. Anali a Tembo.

"Mudala, nimvela ati mudwala, ndiye mubisala chani?" Anandifunsa zizindikiro, ndinawauza monyinyirika. Nditatchula zotupa za pamisongolo anandidula mawu. "Imwe, mu Julayi simwenze ku Arizona? Simunaniuze kuti munatsika mu fumbi kumanga lona? Ba dokota munawauza?"

Ndinati ayi, fumbi ndi fumbi.

"Awe mudala, lija si fumbi ya ku Balaka. Mailo muwauze."

Anandifotokozera kuti dalaivala wina amene ankagwira naye ntchito anadwala chimodzimodzi, ndipo matendawo kumeneko amawatcha Valley fever. Nkhani ya lona ndinali nditawauza ndekha mu Ogasiti, modzitama. Munthu amene akanandithandiza tsiku loyamba anali pa mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto, ndipo ine ndinamubisira miyezi iwiri.

M'mawa mwake, Lolemba, ndinaimba kuchipatala, ndipo Lachinayi ndinaonana ndi dokotala wa matenda opatsirana, mayi wodekha. Nditangotchula Arizona ndi chimphepo cha fumbi, anasiya kulemba. Anandifunsa tsiku, malo, ndi nthawi imene ndinakhala panja. Kenako anafotokoza kuti m'dothi la chipululu cha kumeneko mumakhala mtundu wa chuku, ndipo mphepo ikautsa dothilo munthu amachipumira m'mapapo. Anati kuno ku Maryland sachiona kawirikawiri, ndiye sachiganizira ngati wodwala sananene kumene anali. Mankhwala a chibayo sachikhudza nkomwe. Anatenga magazi, natumizanso uthenga kwa oyeza makhololo aja kuti adziwe chimene akusaka.

Tinadikiranso masiku asanu ndi anayi. Zotsatira zitabwera anandiitana. "Ndi Valley fever," anatero. "Za TB zija nazonso zatuluka, mulibe." Anawonjezera kuti anthu akuda matendawa amatha kutifalikira m'mafupa ngakhale m'mutu kuposa ena, choncho bondo lija aliyeza, ndipo mankhwala ndimwa miyezi yambiri.

Ine zonsezo ndinkangozimvera patali. Ndinafunsa funso limodzi, ngati ndingapatsire mwana.

"Ayi. Matendawa sachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Mukanatha kumunyamula tsiku limene anabadwa."

Anayankhula mokoma mtima, koma mawu amenewo anandilasa. Ndinatuluka nkukakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza.

Loweruka loyamba la Novembala tinapita ku Rockville. Mwanayo anali ndi masabata khumi, khosi litayamba kulimba. Thoko anandikhazika pa mpando kaye, nkundiika mwanayo pamiyendo. Mwanayo anandiyang'ana kamodzi nkuyamba kulira, kulira kwenikweni kokana mlendo. Agogo ake aakazi ankawadziwa, ine ayi. Ndinamugwirabe. Ndinamutcha Tadala, ndipo Thoko anabwereza dzinalo kawiri kuti alitchule bwino. Amake Thoko anapita kukhitchini, akuti kukaona madzi a tiyi.

Kuchira kunali kwa pang'onopang'ono. Mankhwala ndinamwa miyezi isanu ndi inayi. Ankaumitsa milomo mpaka kung'ambika, khungu linkatuwa, tsitsi linkathothoka. Mwezi uliwonse ndinkapita kukapereka magazi kuti aone chiwindi ndi mphamvu ya matendawo. Mwamwayi m'bondo munalibe kanthu, linaphwa lokha. Kutopa ndiye kunakhalitsa. Mpaka mu Malichi ndinkagona masana ngati mwana.

Lero patha chaka ndi miyezi ingapo. Chifuwa chinatha, thupi linabwerera, koma kabanga kaja kakadalipo ndipo amakajambula miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Maulendo ataliatali ndinasiya. Ndimayendetsa za pafupi, Baltimore, Richmond, nkugona kunyumba. Masitepe ndimakwera osaima, ngakhale kuti pamwamba ndimapuma kaye.

Kwa anzanga a pa msewu, chimphepo cha fumbi chikakupezani m'chipululu, khalani m'galimoto, lona ling'ambike. Chifuwa chikapitirira sabata, pitani kuchipatala, ndipo muwauze paliponse pamene mwadutsa, ngakhale sanafunse, ngakhale mukuona ngati nzopanda pake. Ndipo a kwathu, tisamabise matenda. Ine ndinatseka chitseko kuopa kunong'onezana kwa anthu, ndipo amene ndinamutsekera kunja anali munthu yekhayo amene ankadziwa chimene chikundidya. Tadala tsopano akuyenda, ndipo akandiona pakhomo amabwera yekha. Koma ukhanda wake ndinauonera pa foni, ndipo umenewo palibe dokotala angandibwezere.