Gazolina wa Mpaka Pakhosi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi thumba la mbatatesi. Nditamaliza kuphunzira umakaniko ku Tete, amalume anga a ku Ntengo-Wambalame ananyamula thumbalo n'kukatula kwa makaniko wamkulu, a mesitiri Bonifasiyo, mwini ofisina ina yokonzera galimoto ku Furancungo, mawa lake ine n'kuyamba. Ofisinayo inali malata pamitengo ndi dzenje lolowera pansi pa galimoto, basi. Luso la a mesitiri linali limodzi. Nyali yachikasu ya injini ikayaka, ankalumikiza kamakina kowerengera zovuta n'kufufuta uthengawo, mwini galimoto n'kumapita akuthokoza. Ikayakanso ankaimata tepi yakuda. Ndinawapeputsa sabata yoyamba yomweyo, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Tsiku lina kunabwera a Zakeyu, mlimi wa fodya wa ku Chidzolomondo, amene anagula kagalimoto kakang'ono chaka chimene fodya anawayanja. Kuyendetsa sankadziwa, koma pokhala pampando wakutsogolo ankatukula mimba ngati ndi iwo anapanga injiniyo. Ankawayendetsera a Fulujensiyo, bambo wachikulire wofatsa, amene anaphunzira chiwongolero ali pothawa nkhondo ku Malawi. A Zakeyu anadandaula kuti gazolina akutha msanga, galimoto ikununkha m'mawa uliwonse, ndipo ikangothiridwa mafuta imavuta kulira. Chigamulo anali atachipanga kale kunyumba: dalaivala akupopa mafuta n'kumagulitsa kwa anyamata a njinga zamoto.

"Mukapanda kupeza pamene pakudontha, ameneyu ndikamusiya kupolisi lero," anatero a Zakeyu, akuloza munthu woti ndi wamkulu kwa iwo.

A mesitiri anasuzumira pansi, osagwada n'komwe, nati palibe dontho. Anafufuta nyali yachikasu imene inali itayaka m'galimotomo n'kuyamba kupukuta m'manja. A Fulujensiyo anangoima pambali chipewa chili m'manja. Zinandinyansa. Ndinapempha kuti ndione nanenso, a mesitiri n'kundiuza kuti ndisachedwetse abwana.

Kamakinako ndinali nditakaona asanafufute, ndipo kankanena za njira ya mpweya wa mafuta. Gazolina ali m'thanki amatuluka mpweya. Mpweyawo sautayidwa kunja, umadutsa m'kapaipi kupita m'kabokosi kodzaza timakala, kotchedwa kanisita, kenako kavalavu kena kamatseguka kuti injini iuyamwe n'kuuwotcha. Chitsekero cha thanki ndinachipeza chili bwino. Ndinamasula kavalavu kaja n'kuuziramo ndi pakamwa. Kakakhala kopanda magetsi kamayenera kutseka, koma mpweya unangodutsa fuu, ndipo nditakagogoda pachikhatho munagwa timibulu takuda. Ndinalowa m'dzenje ndi sipanala n'kumasula kanisita pafupi ndi thanki. Inali yolemera ngati njerwa yonyowa. Nditaipendeketsa pabeseni, gazolina weniweni anachucha.

M'kabokosi kameneka simulowa mafuta pokhapokha wina akamadzaza thanki mopyola muyezo. Ndinafunsa kuti amathira bwanji. A Zakeyu ndiwo anayankha, monyadira kwabasi: kwawo mafuta ndi a m'mabotolo, njira ndi yaitali, choncho amathira mpaka aonekere pakhosi pa thanki, n'kuitana anthu agwedeze galimoto kuti botolo lina lilowe. Anafika pogwira galimotoyo n'kutionetsa kagwedezedwe kake, matako uku ndi uku. Dalaivala akuti ankawaletsa, iwo n'kumati wakuba safuna thanki yodzaza.

A mesitiri ananditsina pamkono n'kundinong'oneza kuti ndinene kuti ndi khoswe wadya paipi. Ndinakana. Ndinawauza a Zakeyu anthu akumva kuti palibe wawabera, mafuta amene amakakamiza aja ndiwo anamiza makala, makala n'kukatsakamira m'kavalavu, injini n'kumamwa mopitirira. Fungo lija linali la m'kanisita momwemo.

Kanisita ndi kavalavu tinazichotsa pa galimoto ina yofanana nayo imene inagwa pangozi n'kusiyidwa kuseri. Ndinapemerera mapaipi ndi pampu ya njinga mpaka timakala tonse titatuluka, n'kupaka thovu la sopo polumikizira paliponse kuti ndione ngati pakutuluka mpweya. Injini inalira kamodzi n'kukhazikika. A mesitiri nthawi yonseyi ankauza a Zakeyu kuti iwo anazindikira kale, amangofuna kundiyesa.

Kupepesa kunalibe. A Zakeyu anaponya kiyi kwa a Fulujensiyo n'kunena kuti apulumuka lero, koma azisamala. Bamboyo anatola kiyiyo m'fumbi, anaipukuta pamalaya, n'kuiika bwinobwino pa boneti.

"Abwana, njira ya ku Chidzolomondo mukuidziwa. Ine ndiyenda wapansi."

Anavala chipewa n'kuuyamba. A Zakeyu anakuwa, anawopseza, kenako anayamba kufunsa aliyense wodutsa ngati amadziwa kuyendetsa. A mesitiri anandiuza kuti ndawathamangitsira kasitomala, ndipo mwezi usanathe anandichotsa. Sindinalire.

Lero ndili ndi ofisina yangayanga ku Tsangano. Munthu akabwera ndi galimoto yonunkha mafuta, dzina la wakuba lili kale pakamwa, sindiyamba ndi sipanala. Ndimamufunsa mwiniwakeyo kuti amathira bwanji gazolina, ndipo ndimamufunsa pamaso pa wantchito amene akumunamizira kubayo.