Timbaula ta Amayi

Tsiku limene adzalembe mbiri ya sayansi ya dziko lino, ine ndiyenera kukhala pa tsamba loyamba, pakuti popanda ine kafukufuku wa maitokondiriya m'boma la Salima akanawola. Ndikunena kuwola kwenikweni, kochita kununkha. Ine ndinali wonyamula ayezi.

Ku koleji tinapita awiri, ine ndi achemwali anga. Ine ndinabwerako chaka chachiwiri, aphunzitsi atagwirizana kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi. Achemwali anapitirira mpaka kunja, n'kubwerako ali dokotala wosabaya jakisoni. Chaka ndi chaka ankabwera ku Chipoka kudzagula nsomba zamoyo. Ankangochotsa kachiwindi, kukaika m'kabotolo, nsomba yonse n'kundipatsa ine. Asodzi ankanong'onezana kuti mayiyu sukulu inamuzunguza mutu. Ine sindinkatsutsa, ndiwo ndinkadya.

Ntchito yanga inali yogula ayezi ku boma ndi kuthamanga naye pa minibasi asanasungunuke. Tsiku lina, nditakhalira bokosi la ayezilo, ndinawafunsa kuti kodi m'chiwindi mwa chambo akufunamo chiyani.

"Iwe, mbaula umaidziwa?"

"Ndinafika nayo chaka chachiwiri."

"M'thupi mwako muli timbaula tosawerengeka. Chimene wadya ndiye makala. Tikazima, watha. Ndiye maitokondiriyawo." Anapukuta kampeni kawo. "Ndipo timbaulato munthu amatenga kwa mayi ake okha. Abambo saikapo kanthu. Tako tidzathera pa iwe, achimwene. Ta amayi tidzapitirira ndi ine."

"Ndiye sayansi yonseyi mwapita nayo kunja kukapeza kuti mbumba n'nja akazi? Mukanangofunsa amalume."

Anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga.

Ulendo wawo womaliza anakhalanso pamchenga pomwepo, koma osaseka. Kabotolo kankawalemera. Munthu amene anatha zaka akufufuza mphamvu za m'thupi sankatha kukwera sitepe ya minibasi. Miyezi isanu itapita tinakawatenga kuchipatala ku Lilongwe ali m'bokosi. Mwana sanasiye. Mwana wamkazi wa amayi anali yekhayo.

Pamaliro, abale anandipatsa ine ntchito yowerenga mbiri ya malemu. Amalume anali atalemba kale: "Ankagwira ntchito ya nsomba." Zinandiwawa. Pafoni ya achemwali pankangolowa mauthenga ochokera kumaiko amene sindingawaloze pamapu, anthu akuti zolemba zawo ndizo zinawatsegula maso, ena akuti anawaphunzitsa ntchito. Koma amayi, amene anagulitsa mandasi kuti mwanayu aphunzire, akanamuika m'manda akudziwa kuti anali wogula ziwindi.

Ndinakwera kabaza mpaka ku boma, n'kukapulintitsa pepala lawo lotchuka lija. Masamba asanu ndi atatu, Chingerezi chokhachokha. Ndinati ndikaliwerenga lonse, mudzi umve.

Woyendetsa mwambo atandiitana, ndinaimirira ngati pulofesa. Ndinayang'ana mutu wa pepalalo. Mawu oyamba ndinawadziwa. Achiwiri anali a chaka chachitatu. Anthu anadikira, wina anatsokomola, amalume anayamba kundikodola kuti nthawi. Ndinapinda mapepala aja.

"Achemwali ankafufuza timbaula," ndinatero. Ndinafotokoza monga anandifotokozera, makala ndi zonse, ndi zoti moto umenewu munthu amapatsidwa ndi mayi ake. Kumbuyo ena anaseka pang'ono poganiza kuti ndayamba zanga zija. Kenako sanasekenso.

Titabwera kumanda, amayi anandiitanitsa m'nyumba momwe anakhala ndi azimayi anzawo. Ndinagwada pakhomo.

"Zija umanena zija, n'zoona kapena ndi nthabwala zako?"

"N'zoona, amayi. Azungu omwe amavomereza."

"Moto umene unali mwa iye unali wanga?"

"Wanu, amayi."

Anasalaza chitenje pabondo.

"Nanga wazimiranji kwa iye, kwa ine ukuyakabe?"

Funso limenelo mwina lili ndi yankho m'masamba asanu ndi atatu aja. Amayi anawatenga, ndipo ali m'Baibulo mwawo mpaka lero, mozondoka. Sindinawauze.

Kupulinta kunali handiredi kwacha tsamba limodzi. Zonse pamodzi, K800.